Mzere pa Phazi la Mlangizi

Lolemba, 6 Meyi 2024

Andigoneka. Wodi ya abambo, bedi lachitatu kuchokera pakhomo, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino. Mkazi wanga Esme wandibweretsera bulangete, beseni ndi kope lino, lotsala pa maphunziro a alimi. Akuti ndizilemba m'malo molongolola. Zaka 27 ndakhala mlangizi wa fodya kuno ku Mzimba chichokereni kwathu ku Dowa, ndipo ngakhale ndinapuma ntchito sindinasiye kulemba za mvula. Mvula yatha, ndiye ndilemba za chala.

Chala chake ndi chachikulu cha phazi lamanzere. Ndinapunthwa pa pedulo ya njinga mu Malichi, kabala kake ngati njere ya mapira, koma osapola. Tsopano chada bii mpaka pakati. Chikuwawa ngati chili pa makala, koma ukachigwira n'chozizira. Ine ndikuti ndi bala chabe: majakisoni atatu, Lachisanu ndili kunyumba. Esme akuti mawu omwewa ndinanenanso mu Epulo.

Lachiwiri, 7 Meyi

Shuga 5.4, palibe vuto. BP 158/96. Kachilombo ndilibe. Sikelo 61.

Wondiona ndi adokotala a Akuzike, mtsikana wa ku Ntcheu, wamng'ono kwa Tiko, mwana wanga woyamba, koma salankhula kawiri. Pa phazi lamanja anaika zala n'kupeza msanga chimene amafuna. Kumanzere anafufuza nthawi yaitali, pamwamba, pa kakolo, kuseri kwa bondo. Akuti magazi akufika pang'ono kwambiri, mitsempha yaphinjika ngati paipi yadzimbiri.

"Mumasuta, bambo?" anafunsa.

"Ndudu ndinasiya 2009."

"Munachita bwino," anatero, n'kulemba pa khadi.

Sindinaname. Za fodya wa kumunda sindinatchule chifukwa nkhani inali ya matenda. Uja ndi tsamba basi, la dzuwa ndi mvula, ndipo ndimadziwa munda uliwonse umene lachokera. Poizoni amathira ku fakitale, m'ndudu za m'paketi. Izi ndakhala ndikuphunzitsa alimi kuyambira ndili ndi tsitsi.

Mankhwala: jakisoni wa seftirayakizoni m'mawa, fulajili katatu, asipirini mmodzi, piritsi la BP, mofini wamadzi ululu ukakula.

Lachitatu, 8 Meyi

Mnzanga wa kumanja ndi a Kassimu, amene ali ndi okala mumsika wa pa Boma, pafupi ndi ogulitsa mabeseni. Ndinkagula kwa iwo mabatire a tochi. Lero ali ndi mipaipi m'mphuno, makina a mpweya akung'ung'udza pambali. Zaka 30 akugulitsa ndudu imodziimodzi, ndipo akuti paketi iliyonse ankayamba kuilawa okha.

"Phindu lonse linathera muno," anatero akuloza chifuwa. Kuseka kunasanduka chifuwa cha mphindi zitatu.

Ndinawamvera chisoni, koma mumtima ndinati umboni wanga ndi uwu, za m'paketi ndi zimenezi. Akazi awo, mayi Halimatu, anabwera ndi samusa n'kugawira mabedi anayi onse a mbali yathu. Nawonso akutsokomola, chonsecho sanagwirepo ndudu. Okala yawo ndi yaing'ono, zenera limodzi.

Lachinayi, 9 Meyi

Alendo a ku Luwerezi. A Bestone Zgambo, wapampando wa kalabu ya alimi imene ndinaiyambitsa ndine, anabwera ndi nthochi, botolo la chambiko, ndi jumbo yakuda yomanga bwino.

"Adada, mwatitaya pa nyengo yiheni chomene," anatero m'Chitumbuka chawo, kutanthauza nthawi yoipa kwambiri. "Jeke yodindira mabelo tabwereka kale, mbwenu tikudikira imwe."

Nkhani ndi iyi. Chaka chilichonse kalabu isanadinde mabelo, chigafa chilichonse chimatumiza ndindi imodzi, kamtolo ka masamba a fodya, kwa ine. Ndimapichira chingambwe, kuyatsa, kukoka kawiri katatu, n'kunena kuti uyu anathyola wosakhwima, uyu anathira feteleza wa chimanga, uyu wanyowetsa kuti alemere. Alimi amasakaniza fodya wawo kuti mabelo akwane, ndiye wa munthu mmodzi akakhala woipa belo limabwezedwa ku okushoni, onse n'kulira. Lilime langa silinawagwetsepo. Amatero okha.

Chaka chino zigafa ndi 14. M'jumbo munali ndindi zisanu, iliyonse ndi kapepala ka dzina.

A Zgambo anandikankha pa njinga ya odwala mpaka kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala, pansi pa mtengo wa mapeyala. Mtunda wake ndi waufupi koma anaima kawiri, akuti akatumba akuwakoka. Ndinawaseka kuti akalamba. Pepala lopichirira ndinang'amba kumbuyo kwa kope lino. Ziwiri ndalawa lero. Wa a Mithi phulusa loyera, wapsa bwino. Wa a Lungu akuzima yekha, feteleza wolakwika.

Lachisanu, 10 Meyi

Kunyumba sindinapite. Chala achidula cha m'ma 10 koloko, jakisoni wa pamsana. Sindinamve kanthu koma phokoso. Bala alisiya lotsegula kuti lizitsukidwa tsiku ndi tsiku.

Esme analira. Ndamuuza kuti zisanu ndi zinayi zatsalazo zikwana, sindimenya mpira.

Lamulungu, 12 Meyi

Anesi a Linily ndiwo amatsuka bala. Dzanja lawo ndi lopepuka, pakamwa ndiye ayi. Akuti bala labwino limafiira ngati nyama ya pa butchala, langa layera ngati nkhuku yowiritsa. Ndawauza kuti apatse mankhwala mpata, mbewu simera tsiku lodzala.

Madzulo Esme anandikankhira ku mapeyala. Iye amangodandaula fungo, za tsamba la kumunda anazimva kwa ine kalekale n'kuzivomera. Ndindi zitatu zotsala ndamaliza. Ndatumiza mayankho pa foni.

Lachitatu, 15 Meyi

Chala chachiwiri chayamba kuda kunsonga. Ululu wakwera mpaka pa kakolo. Mofini kanayi.

A Zgambo atumiza ndindi zina zisanu ndi imodzi pa minibasi ya ku Jenda. Ndalawa zinayi, ululu umaiwalikako ndikamakoka.

Adokotala anaima nthawi yaitali akuyang'ana phazi. Akuti sakumvetsa. Shuga ndilibe, BP yatsika kufika 138/84, mankhwala ndikumwa, fodya ndinasiya kale, nanga bwanji kukupitirira? Anatchula Mzuzu, ku chipatala chachikulu. Anatchulanso mawu oti pansi pa bondo. Ndinachita ngati ndikufuna cholembera.

Lachinayi, 16 Meyi

Lero ndilembe bwinobwino, chifukwa ndadzigwira ndekha ngati mbuzi yolowa m'khola la eni.

Adokotala anandipeza ndikulemba. Ananyamula kope kuti aone manambala a BP amene ndimasunga, n'kuona kuti kumbuyo kwatha masamba.

"Mapepala awa mukulembera makalata ndani, bambo?"

Ine ndi matama anga ndinatsegula kabati, n'kutulutsa jumbo. Ndinawaonetsa ndindi ya a Mithi, mtundu wake, kufewa kwake. Ndinafotokoza za zigafa 14, za phulusa loyera, za belo lobwezedwa. Ndinamaliza ndi phunziro langa lija, loti uyu ndi fodya woyera, wopanda mankhwala a ku fakitale. Ndinalankhula ngati ndili pa tsiku la chionetsero.

Sanandidule mawu. Nditamaliza anakhala pansi m'mphepete mwa bedi, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

"Patsiku zingati?"

"Kunyumba zisanu ndi chimodzi, mwina zisanu ndi zitatu. Nyengo yosankha fodya zimaposa."

"Kuyambira liti?"

"Sindinasiyepo. Ndinasiya za m'paketi."

"Bambo, chimene chikutseka mitsempha yanu sachithira ku fakitale. Chimamera m'tsamba momwemo. Inu mumadziwa kuti ana akathyola fodya wonyowa ndi mame amachita chizungulire n'kusanza. Mumati chimawasanzitsa n'chiyani?"

Ndinati ndi dzuwa ndi njala. Ndinakumbukira kuti amasanza m'mawa dzuwa lisanatenthe.

Anatulutsa bolopeni m'thumba n'kulemba mzere pamwamba pa phazi, chala chimodzi chopingasa kuchokera pamene pathera kuda. Anati andipatsa masabata awiri opanda fodya wamtundu uliwonse, wosuta, wofwenkha kapena wa m'kamwa. Kuda kukadutsa mzerewo ndikupita ku Mzuzu, mwendo ukachoka pansi pa bondo. Kukaima, adula chala chachiwiri chokha. Anawonjeza kuti sakulonjeza kanthu, mitsempha yotsekeka kale sitseguka.

Atachoka, a Kassimu anakweza mutu. "A Mlangizi, ine ndimayesa ndife awiri okha muno, ine ndi makinawa. Kani inunso ndinu a mpingo wathu."

Manyazi ndachita. Koma ine ndi munthu wa munda wachitsanzo, sinditsutsa ndi pakamwa. Mlimi akakana mbewu ndimati tidzale mizere iwiri tione. Ndiye tiona. Ndapempha Esme abwere ndi rula. Jumbo ndapereka kwa anesi a Linily, amene anainyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

Lachisanu, 17 Meyi

Tsiku loyamba. Kuchokera pa kuda kufika pa mzere: mamilimita 18. Mutu ukuwawa. Ndakalipira Esme chifukwa cha supuni.

Loweruka, 18 Meyi

17. Sindikufuna kulemba.

Lamulungu, 19 Meyi

15. Akwaya anabwera kudzaimba, ndinatembenukira kukhoma. Ndikuopa.

Lachiwiri, 21 Meyi

14. Mamilimita anayi m'masiku asanu. Ndawerengetsa, pa liwiro limeneli mzere sufikidwa pa 30, koma adokotala akuti nawonso amadziwa kuwerengetsa, kukapanda kuima sadikira tsiku.

Mayi Halimatu andibweretsera kambale ka mtedza wokazinga ndi timitengo ta mswaki. A Kassimu akuti pakamwa pakafuna ntchito uzipapatsa ntchito. Ndatafuna kamtengo kamodzi mpaka kusanduka tsache. Iwo anasiya chaka chatha, mochedwa. Akuti chimene chinawavuta si chifuwa ayi, koma manja, kusowa chogwira ukamacheza ndi anthu. N'zoona. Ku Luwerezi, ku Khosolo, ku Mabiri, nkhani iliyonse ya amuna ndinkaiyamba ndi kupichira. Ukafika pamudzi, mwini chigafa amakutambasulira tsamba asanakupatse mpando.

Njala yabwera. Ndadya mbatata zitatu ndi chigumu cha munthu wa bedi loyamba, amene analibe nacho ntchito.

Lachinayi, 23 Meyi

14. Dzulo 14. Ndayeza katatu, kenako ndinaitana anesi a Linily kuti ayeze okha. Akuti ndisayambe kuvina, komabe anamwetulira. M'mbali mwa bala mwayamba kufiira pang'ono.

Loweruka, 25 Meyi

14. Lero ndiye linali tsiku la mayeso enieni.

A Zgambo anabwera okha ndi ndindi zitatu zomaliza. Galimoto yonyamula mabelo ibwera Lachiwiri. M'kalabu mwabuka mkangano, ena akuti fodya wa anyaShaba, mayi wamasiye amene walima yekha chaka chino, ali ndi chuku, asalowe m'mabelo a gulu. Akatsala yekha sakwanitsa belo, ndiye kuti agulitsa kwa mavenda pa mtengo wotaya. Onse agwirizana kuti chimene anene Mlangizi ndi chomwecho.

Ndinawauza kuti sindilawa. Anaseka, akuyesa nthabwala. Anayamba kundipichirira okha, pepala anabwera nalo.

"Kamoza pera, adada. Kukoka kamodzi kungadule mwendo? Hona uyu ndi fodya wa kumunda, mukatisambizga ndimwe."

Mawu amenewo anandilasa kuposa mpeni wa adokotala, chifukwa ndi oona. Ndinawaphunzitsa ndine. Fungo la tsamba lija linadzaza m'mphuno, malovu anadzaza m'kamwa. Sindibisa, dzanja linanyamuka lokha. Ndinaliika pansi pa ntchafu n'kulikhalira.

Ndinavundukula bulangete n'kuwaonetsa phazi, bala, mzere, rula. Ndinati, "A Zgambo, ndinakunamizani zaka 27. Sindinadziwe, koma ndinakunamizani."

Anakhumudwa. Kwa iwo kukana fodya wa munthu n'kukana munthuyo. Anayamba kumanga jumbo, akuti akauza anthu kuti Mlangizi watikana.

Ndinati andikankhe kaye panja. Pansi pa mapeyala ndinatambasula tsamba la anyaShaba padzuwa, ndinalikoka kuona ngati litanuka, ndinathyola mtsempha wa pakati, unalira thwa, wouma bwino. Timadontho timene amati chuku ndi fumbi la udzu wa denga, limachoka ndi chala. Kenako ndinawauza ayatse machesi m'mphepete mwa tsamba, atalikire kumene mphepo ikupita kuti utsi usandifike, azimitse lawi, ine ndiwerenge. Moto unayenda wokha mpaka ndinafika 11, phulusa loyera. Wa a Lungu uja sungafike 3. Njira imeneyi anatiphunzitsa ku sukulu ya zaulimi. Ndinaisiya chifukwa kulawa kumakoma, komanso kumachititsa kuti anthu akudikire. Munthu aliyense wa machesi akhoza kuwerenga mpaka 11.

"Fodya wa anyaShaba alowe," ndinatero. "Ndipo chaka chamawa musandidikire, mwaona mmene achitira."

Pobwerera anaimanso kawiri. Lero sindinawaseke. Ndinawafunsa kuti akatumbawo anayamba liti. Akuti chaka chatha, akayenda pang'ono amakoka, akaima amasiya. Ine zinayamba chimodzimodzi zaka zitatu zapitazo, ndinkati ndi njinga. Ndinawagwira mkono mpaka anavomera kukaonana ndi adokotala Lolemba. Anachoka osatsanzika bwino.

Lolemba, 27 Meyi

14. A Zgambo anabweradi, nkhope ili gwaa. Awapeza ndi vuto lomweli miyendo yonse, koma bala alibe, nthawi ilipo. Awapatsa asipirini. Anadutsa pa bedi langa n'kusiya nthochi, osakhala pansi. Pakhomo anatembenuka n'kunena kuti a Mithi nawonso amaima panjira. Kenako anati yewo, zikomo ya kwawo, n'kupita.

Ndalemba mayina a amuna a m'makalabu anga amene ndikudziwa kuti amapichira. Ndafika 43 ndisanamalize Khosolo. Atatu anamwalira ndi chifuwa chimene tinkati ndi fumbi la m'chigafa. Mmodzi ku Mabiri anadulidwa mwendo, tinkati anaponda mankhwala. Zandiwawa. Ndikatuluka ndiyenda kalabu ndi kalabu, ananditsatira polakwa, anditsatiranso pokonza. Pakamwa ndili napo, Esme ndi mboni.

Lachitatu, 29 Meyi

A Kassimu atuluka. Sanachire, koma apempha kukapumira kwawo, makina akufunika kwa wina wodwalitsa. Ana awo anawanyamula mpaka pa galimoto. Anandisiyira timitengo tonse totsala.

"Mukadzadutsa pa okala, a Mlangizi, mabatire alipo. Zinazo mayi anachotsa pa shelefu."

Ndinati ndidzabwera wapansi. Anati Mulungu akalola. Bedi lawo lalowa kale mnyamata wa ngozi ya njinga yamoto.

Mawa ndi tsiku.

Lachinayi, 30 Meyi

Adokotala anafika 9 koloko. Esme anaima kumutu kwa bedi atagwira chitsulo. Anesi a Linily anamasula bandeji. Ndinapereka rula, adokotala anakana, anatulutsa yawo.

14.

Anakanikiza khungu pafupi ndi mzere, linayera, kenako linabwerera mtundu pang'onopang'ono. Anagwira phazi ndi kuseri kwa dzanja, akuti likufundako. Bala lafiira mbali zonse.

"Mwendo ukhala," anatero. "Chala chachiwiri chichoka mawa. Koma mumve bwino, bambo, mwendowu ndakubwerekani. Mukadzayatsa chingambwe chimodzi, mudzabwere nawo."

Ndinati mizere iwiri tinadzala ija yaonetsa, mbewu yawo ndiyo yabereka, ndipo ine sindikangana ndi zokolola. Anaseka koyamba chibwerereni. Esme anatuluka panja, anabwerako maso ali ofiira, n'kundikalipira kuti sindinamalize phala.

Lachisanu, 31 Meyi

Chachoka. Zatsala zisanu ndi zitatu. Mofini kawiri. Ndagona masana onse.

Lachitatu, 5 Juni

Kuzizira kwa Mzimba kwayamba, zenera lija talitseka ndi katoni. Majakisoni atha, ndatsala ndi mapiritsi. Andipatsa ndodo, ndayenda mpaka pakhomo la wodi n'kubwerera, mapazi 46. Akuti ndiziyenda tsiku lililonse mpaka akatumba akoke, ndipume, ndiyambirenso, magazi amadzipezera tinjira tina. Mabelo a kalabu adutsa onse, palibe lobwezedwa. Uthenga watumiza ndi anyaShaba.

Chilakolako sichinathe. Chimabwera ndikangomaliza kudya. Masiku 20.

Lolemba, 10 Juni

Atitulutsa. BP 132/80, sikelo 64. Kutsukitsa bala Lachitatu ndi Loweruka, kuonana ndi adokotala pa 24.

Tikulongedza, Esme anatulutsa nsapato ya kumanja m'chikwama n'kuiika pansi. Ndinadikira inzake. Anazengereza, kenako anamasula mfundo ya chitenje chimene amafunda paphewa. Inali mmenemo. Akuti kuyambira tsiku limene adokotala anatchula Mzuzu anaichotsa pakhonde, sankafuna kuiona ikudikira, komanso kuitaya kunamukanika. Wakhala akuyenda nayo kumsika, kutchalitchi, kuno, pafupifupi masabata anayi.

Kutsogolo kwake waidula ndi mpeni kuti bandeji ikwane.

"Adokotala adula zala, ine ndadula nsapato," anatero. "Musandivutenso, bambo a Tiko."

Anagwada n'kundiveka pang'onopang'ono, osakhudza bala. Misozi inanditsika pamaso pa wodi yonse, ndipo sindinaipukute. Ndavala zonse ziwiri.